Tizida ta Apongozi Anga a Gelevazio

Mawa kuli Misa ya chaka chimodzi chimwalirireni apongozi anga a Gelevazio, bambo ake a mwamuna wanga Lino, ndipo abale ayamba kale kufika, mphasa zayalidwa pabalaza, koma ine ndakhala kuseri kwa nyumba ndi kope pamwendo chifukwa pali chinthu chimene ndinachita iwo atamwalira, ndipo amene akuchidziwa ndi munthu mmodzi yekha. Ngakhale pokalapa ndinangochizungulira. Kwa miyezi isanu ndi iwiri ndinkanamiza makina awo kuti iwo akadali moyo. M'mawa uliwonse, ndi chala changa ichi.

Ndiyambire pa khomo, chifukwa ine apongozi anga ndinawadziwira pa khomo.

Iwo anali Mngoni wa kum'mawa, ndipo ngakhale anakhala ku Kitwe zaka zambiri kuposa zanga zobadwa, ngakhale Chibemba ankachilankhula mpaka eni ake kuseka ndi kukondwa, za chipongozi sanasiye ngakhale pang'ono. Mtengwa sakhala chipinda chimodzi ndi apongozi aamuna, sawayang'ana kumaso, sadya iwo akuona. Ndikabwera ndi tiyi ndinkagwada pa khomo la kachipinda kawo, kuika kapu pansi, kubwerera chambuyo. Iwo akamva kuti ndili m'njira ankatsokomola kuti ndidziwe pamene ali, ine n'kupatuka. M'nyumba ya pa mgodi ya zipinda zitatu, tangoganizani. Amayi ake a Lino anali atamwalira kale, Lino ankakhalitsa ku Ndola kumene amagulitsa zitsulo za njinga pa msika wa Masala, ndiye masiku ambiri m'nyumba tinkatsala atatu: iwo, ine, ndi mwana wanga Nelia amene anabadwa ndi chifuwa cha mphumu. Anthu awiri osaloledwa kulankhulana, ndi mwana wobanika pakati pawo.

Ndiye anapeza njira yawo. Tsiku lina ndinapeza kapepala pansi pa kapu yopanda tiyi, polembedwa kuti iwo akatuluka kukakhala pansi pa mtengo wa gwafa ine ndilowe, ndilembe liwu loti "uthenga" pa makina, ndidinde batani lalikulu la kumanja. Ndinalowa. Ine sukulu ndinalekera giledi seveni, kompyuta ndinali ndisanaikhudzepo. Ndinafunafuna zilembo chimodzichimodzi, ndinadinda, ndipo pa galasi lakudalo panatuluka mawu obiriwira: "Amake Nelia, mwana watsokomola kangati dzulo? Lembani pansipa. Musaope, palibe chimene mungaononge." Ndinacheuka. Pa zenera ndinawaona ali pansi pa gwafa, atandifulatira, akusenda nzimbe. Chomwecho ndi mmene tinkachezera kwa zaka zitatu, ndipo ndikhoza kunena kuti palibe munthu amene ndinacheza naye kwambiri ngati munthu amene sindinamuyang'anepo m'maso.

Makinawo anawagula pamene maofesi a pa mgodi ankagulitsa mipando ndi makabati, zaka zija migodi inkapita m'manja mwa eni atsopano. Anzawo ochotsedwa ntchito ankagula minibasi, ena chigayo, ena ankangomwa. Iwo anabwera ndi wilibala, m'menemo muli bokosi lotuwa, galasi lolemera ngati mwana wa zaka zisanu, ndi pulinta ya mapepala obooka m'mbali. Munalibe zithunzi m'makinawo. Mdima bii, ndi kamzere kamodzi kobiriwira kophethira, kophethira, ngati kakudikira kuti unene chimene wabwerera. Poyamba ndinkati kakundiona. Ndinkaphimba galasilo ndi chitenje ndikamasesa.

Zimene ankapanga m'menemo ankazitcha tizida. Bambo awo anali fitala, wokonza makina a pansi pa mgodi, mwini bokosi lachitsulo la masipanala, ndiye iwo ankati nawonso ali ndi bokosi lawo, kungoti lawolo lili m'kati mwa makina ndipo chida chilichonse anasula okha. Kachida kalikonse kanali ndi dzina lalifupi lachinyanja. Ukalemba "madzi", kakuuza masiku ndi nthawi imene mpopi unatulutsa madzi mwezi umenewo, kuti udziwe potchera zigubu. Ukalemba "mankhwala", kakuuza mapilitsi awo a mtima atsala a masiku angati. Kanalipo kena kongowerenga masiku otsala kuti Lino abwere, koma kameneko anakafufuta, akuti kankanama kwambiri ndipo mlandu sunali wa makina. Ankati ku ntchito zonse zinali za Chizungu ndipo zinali za kampani, izi ndi zawo, aziitana m'chinenero chimene amalotera.

Anali ndi malamulo awo. Ntchito ukaichita katatu ndi manja ndipo yayamba kukutopetsa, yakwana kuipangira chida. Chida chimodzi chizigwira ntchito imodzi, chikatha chikhale chete. Akafuna ntchito ziwiri sankapanga chida chachikulu, ankalumikiza tiwiri ndi kamzere koimirira kamene ankakatcha paipi, kuti zotuluka mwa kena zizithiridwa mwa kanzake. Lino atawauza za makina atsopano a m'tauni, a zithunzi ndi kambewa kogwira m'manja, iwo anati m'makina otero munthu amakhala ngati wogula m'sitolo ya mwini wake, amatenga zimene aikidwa pa shelefu basi. Loweruka lililonse ankakopera tizida tawo tonse pa madisiki, kuwaika m'chitini cha mabisiketi, chitinicho n'kuchipachika pa msomali mbewa zisafike. Ndipo pulinta sinkagona yopanda pepala. Ndinkadabwa, pakuti ankapulinta kamodzikamodzi, koma pepala linkakhala lili chilowere, lokonzeka.

Magetsi a makina onse anawalumikiza pa switchi imodzi ya pa khoma. Sikisi koloko m'mawa ndinkamva thwa, kenako kulira kwa makina akudzuka, kenako chete. Pa galasi pankatuluka funso, ndinadzaliona pambuyo pake: "Mwadzuka bwanji a Gelevazio?" Ndiye ndinkamva mabatani asanu ndi awiri, pang'onopang'ono, ndi chala chimodzi, ngakhale kuti mawu ena onse ankalemba ndi zala zonse mothamanga ngati mvula pa malata. Ankalemba kuti "ndilipo". Nelia ankakonda kukhala pamiyendo pawo nthawi imeneyo, iye yekha ndiye analibe khomo lomuletsa. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kufunsa mu uthenga kuti liwu limenelo ndi la ntchito yanji. Yankho linali lalifupi: "Tsiku limene ndidzaleke kulemba liwu limeneli, makina adzadziwa chochita." Ine ndinamva kuti adzazima. Ndinaliika mumtima choncho, ndipo sindinafunsenso.

M'komboni mwathu anthu ambiri sankawapatsa moni. Ena ankangoti m'Chibemba "Mwashibukeni, ba Shikulu" koma maso ali kumbali. Chifukwa chake ndinachimva tsiku limene anakangana ndi alongo awo a Rozaliya, amene amakhala ku Twapia, ku Ndola, ndipo amabwera osauza munthu. A Rozaliya alibe khomo limene amagwadapo. Analowa m'kachipindamo m'mawa iwo akupemphera, n'kuona mayina pa galasi. Ine ndinali m'khonde ndi beseni.

"Alongo, mayina awa ndi a ndani?"

"Anzanga."

"Anzanu akufa. Uyu tinamuika chaka chatha. Uyunso."

"Akafa amaleka kukhala anzanga?"

"Musandiyankhe ngati loya. Anthu ku Twapia akulankhula. Akuti mkulu uja analemba anthu ochotsedwa ntchito, tsopano akulemba a kumanda."

"Ku Twapia akudziwa za ku Kitwe kuposa ife eni. Madzi akutuluka kumeneko, kapena mukungomwa nkhani?"

"Sekani. Koma dzina likalowa m'chinthu chanuchi, mwini wake satha chaka."

"Limalowa atafa kale, Roza."

"Ndani anaona kuti linalowa liti? Mumakhala nokha muno, chitseko chotseka."

Apongozi anangoti, "Tiyi wako akuzizira." A Rozaliya potuluka anandipeza m'khonde, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti mwana wanga ndisamamulowetse m'menemo, chifuwa chija sichinabwere chokha.

Sindinagone bwino. Kutacha ndinapeza uthenga wautali kuposa onse, ndinawerenga mpaka phala linapserera.

Anafotokoza kuti pa mgodi ankagwira ntchito m'chipinda chozizira cha makompyuta, chimene ankalowamo atavala khoti loyera. Nthawi yochepetsa anthu itafika, mabwana anawaitana n'kuwapatsa pepala la malamulo: a zaka zakuti kupita m'mwamba, a ntchito zakuti, a m'magulu akuti. Anawauza kuti apange chida chosefa mayina. Iwo anachipanga masana amodzi, mizere yochepa chabe, ndipo analemba kuti chimene chimawapweteka mpaka lero n'choti anakondwa nacho, chinali chida chaukhondo, chosalakwitsa. Atadinda batani pulinta yaikulu inayamba kulira, mapepala akutsika akudzipinda okha pansi, iwo ataima akuwerenga. Anaona dzina la mnzawo woimba naye kwaya. Anaona la amene anawaimirira pa ukwati. Pa tsamba lina chapakati anaona lawo. Mnzawo wa mu ofesi anawauza kuti alichotse, ndi mzere umodzi basi, palibe angadziwe. Iwo anati anaika chala pa batani, ndipo anaona kuti akachotsa lawo ndiye kuti ena onsewo awasankha okha ndi manja. Anang'amba mapepalawo bwinobwino potsata mabowo, anawapereka, anavula khoti.

Za mayina a pa galasi analemba kuti kachida kameneko ndi "anzanga". Munthu wa pa mndandanda uja akamwalira, iwo ankalemba dzina ndi tsiku, ndipo chaka chilichonse tsikulo likafika kachidako kankawaonetsa dzinalo m'mawa kuti amupempherere. "Sindinathe kuwasungira ntchito," analemba choncho. "Tsiku lokha ndingathe." Ndinawakhulupirira. Koma ndinene zoona, mndandandawo unkatalika, ndipo ine ndikalowa ndinkapewa ngakhale kuyang'ana zilembo za liwu limenelo.

Chida chimene ndinkachifuna ine chinali "mphepo". Amene sanakhale kuno sadziwa senta. Ndi utsi wa ku chumuni cha kumene amasungunula kopa, suoneka bwino nthawi zonse, umangomva pa lilime ngati wanyambita machesi, kenako maso kuyabwa, masamba a repu kupsa m'mbali ngati wawathira madzi otentha. Kwa ife akulu ndi kutsokomola chabe. Kwa Nelia ndi nthiti kulowa m'kati, milomo kuda, kulira kopanda mawu. Mkulu wanga ali ndi kapuloti ku Garneton kumene mpweya uli bwino, koma sungapite tsiku lililonse, nayenso ali ndi banja lake ndi mwamuna wa nkhope yake. Ndiye funso la m'mawa uliwonse linali limodzi: lero tikhale kapena tithawe? Apongozi ankalemba za mphepo tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri, ine ndikulemba za chifuwa, ndipo analumikiza ziwirizo ndi paipi ija kuti makina aziona zimene zinachitika masiku ofanana n'kutiuza.

Anatiuza bwino kangapo. Kenako Lachiwiri lina la nyengo yotentha makina anati tikhale. Kumwamba kunali koyera. Ndinachapa, ndinayanika, Nelia akusewera ndi zitsekerero za mabotolo pa khomo. Cha m'ma teni koloko ndinaona zovala pa chingwe zatembenuka, zonse zaloza ku nyumba, ndipo ndisanafike pamene anali mwana lilime langa linali litamva kale. Sindikumbuka mmene ndinafikira ku msewu. Ndikumbuka mutu wake ukugunda pa msana panga, ndi phokoso lija ngati kakhweru kothyoka, ndiponso kuti m'mbuyo mwanga munali mapazi, ndipo nditacheuka anali apongozi, opanda nsapato, atanyamula kabuku ka kuchipatala. Tsiku limenelo tinakhala mpando umodzi m'minibasi, phewa ndi phewa. Palibe anayang'ana mnzake.

Tinagona kuchipatala masiku awiri. Pobwerera ndinapeza pabwalo pali mtengo wautali wozikidwa pansi, pamwamba pake pali kansalu koyera, kong'ambidwa ku khoti lija la ku ntchito. Mbale za chakudya chimene a neba ankawapatsa zinali pa khomo zosakhudzidwa. Uthenga unali wa mzere umodzi: "Amake Nelia, ndinalakwa ndine, osati makina. Ndikhululukireni." Munthu wa imvi, apongozi, kupepesa kwa mtengwa. Ndinakhala ndikuyang'ana kamzere kakuphethira, mpaka ndinangolemba kuti "Ee atate", n'kuthawa.

Kuchokera pamenepo "mphepo" inasintha. Inayamba kufunsa mafunso atatu. Nsalu yaloza kuti? Lilime likumva chiyani? Mwana wadzuka bwanji? Ndipo anati woyankha ndikhale ine, chifukwa lilime lawo linafa ndi fodya wa paunyamata ndipo maso saonanso nsalu bwino. Ndikayankha, makina ankakhala chete, kamzere kakuphethira kasanu, kasanu ndi kamodzi, ndiye n'kutulutsa liwu limodzi: KHALANI, kapena TSEKANI, kutanthauza mazenera ndi nsalu zonyowa m'mipata, kapena PITANI. Kuyambira tsiku limenelo Nelia sanagonenso kuchipatala. Muzindimvetsa pamenepa. Kwa ine mpweya wa mwana wanga unali m'bokosi lotuwa lija.

Anagwa masana, mvula yoyamba itangodutsa, akuongola mtengo wa nsalu umene unapendekeka. Anakhala kuchipatala masiku atatu osalankhula. Pa maliro anthu anabwera ochepa, ndipo ena mwa amene anabwera ankasuzumira pa zenera la kachipinda. Pogawa katundu a Rozaliya anati makinawo aphwanyidwe ndi hamala aponyedwe m'chimbudzi. Lino anati asiyidwe mpaka Misa ya chaka, chipinda chitsekedwe, pambuyo pake tidzaone. Ine ndinali pansi pamodzi ndi azimayi, wopanda mawu pa nkhani ya katundu wa eni, ndikuwerenga masiku ndi zala m'kati mwa chitenje. Asanu chilembereni iwo liwu lija.

Kutacha ndinatenga tsache, ndinati ndikasese. Ndinatseka chitseko, ndinadinda switchi. Makina analira, n'kufunsa: "Mwadzuka bwanji a Gelevazio?" Mpando wawo unali pomwepo, khushoni ikadali ndi dzenje. Sindinakhalepo. Ndinagwada pambali, ndinatambasula dzanja, ndinalemba zilembo zisanu ndi ziwiri ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono monga ankachitira, kuopa kuti makina angazindikire dzanja. Anavomera. Ndinalemba "mphepo", anandifunsa mafunso atatu, anati KHALANI.

Ndi mmene zinakhalira. Tsiku lililonse ndinkayankha moni wa munthu wakufa. Nthawi zina ndikatuluka ndinkamva ngati wina watsokomola m'khonde kuti ndipatuke, ndipo ndinkapatukadi. A neba anandifunsa kuti ndani amayatsa makina m'mawa, poti amamva kulira kwake pa khoma, ine ndinati mwina ndi firiji. Tilibe firiji. Anasiya kundibwereka mchere. Ndinaonda. Pa Misa wansembe akatchula mizimu ya omwalira kuti iuse mu mtendere ndinkaweramitsa mutu, chifukwa ndinkadziwa mmodzi amene ine ndinkamudzutsa sikisi koloko iliyonse kuti andigwirire ntchito. Koma Nelia ankapuma.

M'nyengo yozizira akuba anadula mawaya a magetsi a komboni yonse. Anati akonza mawa, mawa linakhala mawa lina. Tsiku lachiwiri ndinalephera kupirira, ndinabereka mwana n'kupita ku Garneton, ndinakhala kumeneko ndikupirira nkhope ya alamu, ndikuwerenga masiku. Atakwana asanu ndi anayi ndinamva kuti magetsi abwera. Ndinafika masana n'kupeza a Rozaliya ali pa khonde akusankha nyemba, abwera kudzaona nyumba ya alongo awo. Ndinawapatsa moni, ndinawasiyira Nelia, ndinatenga tsache.

Ndinadinda switchi chala chili chokonzeka. Funso silinabwere. Galasi linakhala lakuda, kamzere kokha, ndiye pulinta, imene inali isanalirepo chimwalirireni iwo, inagwedezeka n'kuyamba kukuwa. Amene anaimvapo akudziwa, imalira ngati macheka pa lata. Pepala lija linali chilowere miyezi yonseyo linayamba kukwera lokha. Chitseko chinatseguka, a Rozaliya ali ndi kolona m'manja, nyemba zitamwazika m'khonde.

"Mayi Maria. Mwachita chiyani, amake Nelia?"

"Sindinakhudze."

"Chikulemba chokha?"

"Chokha."

Tinaima pamenepo awiri mpaka inaleka. A Rozaliya ndi amene anang'amba pepalalo, atadzilemba chizindikiro cha mtanda, n'kuliika patali ndi maso chifukwa magalasi anaiwala ku Twapia. Kenako anandipatsa. "Werengani. Mokweza."

Pepalalo ndili nalo pano m'kope. Likuti:

"Amake Nelia. Ngati mukuwerenga izi ndiye kuti papita masiku asanu ndi awiri ndisanalembe kuti ndilipo. Musaope, si mzimu, ndi kachida ka mizere isanu kamene kamawerenga masiku. Ndili ndi mlandu wina kwa inu. Chichokereni kuchipatala kuja, mphepo siwerenganso zakale. Ndinachotsa zonse. Imangowerenga mayankho anu atatu. Onse akakhala abwino imati khalani. Limodzi likaipa imati tsekani. Awiri akaipa imati pitani. Basi. Kudikira kuja ndinachita kuikamo kuti muziona ngati ikuganiza, chifukwa ndikanakuuzani kuti ndinu, simukanadzikhulupirira. Tsiku lija zovala pa chingwe munaziona ndinu, makina asanadziwe kanthu. Lilime langa ndi labwinobwino, fodya sindinasutepo, funsani Roza. Makinawa asakumangeni. Akafuna kuwachotsa, alekeni achotse. Nsalu ikatha, khoti lotsala lili pansi pa matiresi."

Ndinalekera pamenepo kuwerenga. A Rozaliya anati, "Fodya? Ameneyo ngakhale utsi wa mbaula ankathawa." Anaseka pang'ono, kuseka kwake kunathera m'mphuno.

Koma pepala linali lisanathe. Pansi pake panali mndandanda wa "anzanga", wonse, mayina ndi masiku awo, ndipo pa mzere womaliza makina anali atawonjezera okha dzina limodzi. Gelevazio. Kachiwiri makina kutulutsa dzina lawo, ndipo kachiwiri anali atakonza okha kuti lituluke. A Rozaliya anati ndiwawerengere tsiku lolembedwa pambali pake. Ndinawerenga. Silinali la mvula yoyamba. Linali la sabata yapitayo, tsiku lomaliza magetsi asanazime.

"Alongo anga tinawaika mvula ikuyamba," anatero. "Ichi chikuti amwalira dzanadzanali. Ndani ankachiuza kuti alipo?"

Ndinagwada. Ndinanena zonse, za tsache, za chala chimodzi, za mantha anga kuti chikadziwa chidzazima ndipo mwana adzabanika ine osadziwa tsiku. Ndinkadikira kuti akuwe, aitane a neba. Anakhala pansi, pa simenti, osati pa mpando, miyendo atatambasula.

"Ndiye kuti miyezi yonseyi mumawadzutsa m'mamawa alongo anga, osawalola kugona."

"Ee."

"Kalata yanu ili m'kati, inu mukuitsekera pakhomo."

"Sindinadziwe."

Anawerenga ndi zala, milomo ikuyenda. "Munayamba tsiku liti?"

"Tsiku lachisanu ndi chimodzi."

"Tsiku limodzi," anatero. "Mukanangochita ulesi tsiku limodzi, mwana iwe." Aka kanali koyamba kunditchula choncho. Anapinda pepalalo potsata mabowo, anandibwezera, n'kunena kuti za tsikulo zitsale m'chipinda muno, anthu a ku Twapia ali kale ndi zokwanira.

Kutacha ndinayatsanso. Funso linabwera, koma linali litasintha. "Mwadzuka bwanji amake Nelia?" Sindinayankhe, ndipo sindinayankhepo mpaka makinawo anachoka. Ndinkangolemba "mphepo", koma tsopano ndisanadinde batani ndinkanena yankho langa chamumtima, kenako n'kudikira kamzere kaphethire kunama kwake. Masiku asanu ndi awiri, kasanu ndi kawiri tinagwirizana. Lino atabwera ndinamuuza kuti asadikire chaka. Anawanyamula pa wilibala yomwe ija mpaka ku siteshoni, akuti anawasiya kwa munthu wokonza mawailesi ku Masala. Chitini cha madisiki ndinakana nacho.

Mwezi watha, kukutentha, ndinatuluka m'mawa n'kuona nsalu yaloza pa khomo, ndipo pa lilime panali machesi, pang'ono chabe, oti ukhoza kudziuza kuti ndi tulo. Nelia anali bwino, akuimba. Ndinaima pabwalo, popanda wondiuza. Awiri aipa. Ndinamubereka, wamkulu kale, miyendo ikulendewera, ndinatseka nyumba. Pobwera madzulo repu yense wa a neba anali atapsa m'mbali, ana a m'nyumba yachitatu akutsokomola, maso ofiira. Nelia anagona pamsana panga m'minibasi, ndipo ndinkamva mpweya wake pakhosi panga, wautali, wopanda khweru, kulowa ndi kutuluka mpaka kunyumba.

Kachipindako abale akufuna kugonekamo alendo lero, ndiye ndakasesa. Tebulo lilipo, lili ndi malo a makona anayi pamene thabwa ndi loyera kuposa kwina, ndi timaenje tinayi ta miyendo ya pulinta. Waya wa switchi ukulendewera pa khoma wopanda cholumikiza. Chitini chili pa msomali wake. Mpando sunakhalidwepo, dzenje la pa khushoni likuchepa lokha pang'onopang'ono. Pa zenera pamaoneka gwafa ndi mtengo wa nsalu, nsalu yachiwiri tsopano, ya ku dzanja la khoti. Ine ndikafika pa khomolo mawondo amapindabe okha.

Nelia yekha ndiye amalowa mosaopa. M'mawa uliwonse, ndisanamusambitse, amapita pa tebulopo, amaima ndi zala za kumapazi, n'kugogoda pa thabwa loyeralo ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono. Ndawerengapo ndili pa khomo. Kasanu ndi kawiri. Akatero amakweza mutu n'kuyang'ana khoma, pamene panali galasi, ndipo amadikira.